Tsiku Limene Tinaika Achimwene, Ndege Yawo Isanauluke

Ndinadzuka cha m'ma 5 koloko, kunja kudakali mdima. Ndinali nditagona pansi pabalaza m'nyumba ya achimwene anga a Yotamu ku Lucan, kuno kudziko la azungu, pakati pa amayi ena amene tinachezera nawo. Bokosi linali pafupi ndi zenera, pomwe anthu a kampani ya maliro analiika dzulo lake, sofa titaitulutsa. Nyimbo zathu tinaimba motsitsa mawu chifukwa makoma a nyumba za kuno ndi opyapyala, ndipo banja loyandikana nalo lili ndi khanda. Zimenezo zinandiwawa. Kwathu ku Lumbadzi munthu amamulira mpaka mudzi wachitatu umve. Kuno tinkalira ngati taba kanthu.

Alamu anga, amake Tadala, anali atakhala pamkeka kumutu kwa bokosi, maso ali gwa. Ndinawafunditsa bulangete m'miyendo. Mwana wawo Tadala, mtsikana wa zaka 19, anali m'chipinda chake m'mwamba. Chimwalirireni bambo ake ankatsika kamodzikamodzi.

M'khitchini amayi a ku Tyrrelstown, komwe ndimakhala, anali atayamba kale kusenda anyezi. Moto wa nkhuni saloleza kuno, choncho tinabwereka masitovu awiri a gasi n'kuwaika kuseri kwa nyumba, pansi pa lona. Mvula yamawawa inkagwa chammbali, mphepo n'kumazimitsa gasi. Mayi wina wa ku Zambia anaima kutsogolo kwa sitovu atatambasula chitenje, kutchinga mphepo kuti mpunga upse. Ine ananditumiza ku shedi kukatenga mipando yopinda.

Nditayatsa getsi m'shedimo, chinthu choyamba kuona chinali mpando wa ndege. Unali pamwamba pa tebulo logwirira ntchito, wokutidwa ndi nsalu ya chitenje chobiriwira. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu.

Kwa inu amene simunawadziwe, achimwene anabwera kuno zaka zoposa 20 zapitazo, ine n'kudzawatsatira pambuyo pake. Iwo ankakonza mavani pa galaja ina, ine ndimasamalira okalamba. Tinakulira pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo ali mwana ankakwapulidwa kawirikawiri chifukwa chosiya mbuzi kudya chimanga cha eni, iwo maso ali kumwamba. Atakhazikika kuno anaphunzira kuulutsa tindege ting'onoting'ono topepuka, napata laisensi. Ndinkayesa akhutira. Koma tsiku lina lole inatsitsa mabokosi atatu aatali a matabwa pakhomo pawo. M'kati mwake munali ndege yosalumikiza: malata a aluminiyamu, mapaipi, mawaya, timisomali tosawerengeka m'timatumba, ndi chibuku cha malangizo. Ndege zotere amagulitsa choncho, wogulayo amalumikiza yekha. Ntchitoyo inawatengera zaka seveni, Loweruka ndi Lamulungu lililonse akachoka ku Misa.

Vuto la achimwene linali loti sankatha kutsatira buku osawonjezapo zawo. Anaika thanki yamafuta yokulirapo kuti azitha kufika ku nyanja ya kumadzulo n'kubwerera osatera. Anaika matayala akuluakulu, ati oyenera bwalo la udzu ndi fumbi, ngati kuti tsiku lina adzatera nayo kwathu. Kuseri kwa mipando anapanga bokosi la katundu. Anaikamo hita chifukwa alamu amamva kuzizira ngakhale mu Julaye. Mpando wa alamuwo anaukweza pang'ono kuti aziona bwino kunja, poti ndi aafupi, ndipo nsalu yake anasankha ndi kusoka ndi alamu eni ake. Chilichonse chimene ankasintha chinkayenera kuonedwa ndi insipekitala, mkulu wina wa kuno dzina lake a Brendan, amene ankabwera ndi tochi ndi kagalasi kusuzumira paliponse asanasaine.

Chaka chatha mu Okutobala anainyamula pa ngolo kupita nayo ku kabwalo ka ndege kunja kwa mzinda. Kumeneko anailumikiza mapiko n'kuikweza pa sikelo. Inapezeka kuti yalemera. Anandifotokozera okha m'khitchini mwawo, akujambula ndi chala patebulo. Ndege yopanga wekha, isanapatsidwe chilolezo choulukira, uyenera kusankha gulu loilembetsa. Pali gulu la ndege zopepuka, limene lili ndi malire a kulemera kwake, ndipo laisensi yawo inali ya gulu limenelo. Pali gulu lina la ndege zolemererapo. Kuti alowe m'gulu lachiwirili, ankayenera kuphunziranso, kulemba mayeso ena, ndi kukayezedwanso kwa dokotala wa oyendetsa ndege. Ananena akuseka kuti sangachotse ngakhale kamsomali kamodzi, asankha gulu lolemeralo.

Mu Januwale anasintha maganizo. Anayamba kumasula zinthu zomwe anavutika nazo zaka zonsezo. Thanki yaikulu inatuluka, bokosi la katundu linatuluka, hita inatuluka. Kenako anabwera nawo mpando wa alamu n'kuuika m'shedi. Ndinawafunsa kuti mpandowo wawalakwira chiyani.

"Iwe Felesiya, za ndege uzisiyire eni ake," anatero. "Sikelo ndi imene yalamula."

Masabata atatu pambuyo pake a Brendan anawapeza atagwa pambali pa ndegeyo, sipanala ili m'manja. Kuchipatala anati ndi mtima. Tonse tinkangoti imfa yadzidzidzi, munthu sanadandaulepo n'komwe.

Ndinatenga mipando yopinda ija n'kuzimitsa getsi. Ndisanafike pakhomo la khitchini foni inalira. Anali amalume kumudzi. Anayamba ndi kudandaula kuti maliro sitinawatumize kwathu, ngakhale tinawafotokozera kangapo kuti achimwene ananeneratu kuti adzaikidwe komwe kuli mkazi ndi mwana wawo. Kenako anatsitsa mawu.

"Kuno anthu akuyankhula, Felesiya. Munthu wamba amapanga ndege kuseri kwa nyumba? Ndege yake yotani imeneyo? Mwina zinthu zam'bwerera."

"Amalume, ndege ya achimwene ili ndi injini ndi mapepala a boma. Si lichero ayi," ndinatero, ndipo ndinadula foni. Chibadwire sindinawadulirepo foni munthu wamkulu. Mipando ija inali itagwera m'matope.

Kutayamba kuyera, anthu anayamba kufika. Ena anachokera ku Citywest, ena ku Cork ndi ku Galway atanyamuka mbandakucha, ena anali atavala yunifolomu ya kuntchito m'kati mwa majekete chifukwa anachokera kushifiti. Magalimoto anadzaza msewu wonse mpaka kukhota. Ndinkaopa kuti oyandikana nawo adandaula, koma iwo anabwera ndi mathireyi a masangweji ndi makeke, n'kumatigwira chanza mmodzimmodzi. Mayi wa khanda uja anabweretsa ketulo yake yaikulu, nanena kuti tikanaimba mokweza, mwana wake sadzuka ndi nyimbo. 

Amene anandikwiyitsa anali athu omwe. Panali abambo ena amene kwa zaka seveni ankawatchula achimwene kuti a Kaputeni, mowaseka. Pa maukwati ndi pa mapwando ankawafunsa kuti tikiti ya ku Lilongwe tigule liti, anzawo n'kumafa ndi phwete. Ankati munthu wanzeru amamanga nyumba kumudzi, osati kukhomerera malata m'shedi. M'mawa umenewo ndinawaona abambo omwewo ataima pakhomo la shedi akujambulana zithunzi, wina akuuza mnzake kuti iye ndi amene ankamulimbikitsa malemu.

A Brendan anafika cha m'ma 9, atavala suti yakuda yothina m'mapewa. Ananyamula chikwama cha achimwene chimene chinatsalira ku bwalo la ndege. Ataona kuti alamu azunguliridwa ndi amayi pamkeka, anandipatsa ine. Alamu anali atapempha kuti magalasi a achimwene tiwaike m'bokosi tisanatseke, choncho ndinakwera m'mwamba kukawafufuza m'chikwamamo.

Munali fulasiki ya tiyi, chipewa, magalasi aja, ndi fayilo ya buluu. Sindikudziwa chimene chinandichititsa kuitsegula. Pamwamba panali fomu yolembetsera ndege. Pamalo posankha gulu anali atachonga gulu lolemera, kenako n'kufufuta mwamphamvu mpaka pepala kuboola, n'kuchonga gulu lopepuka. Sanasaine. Pansi pa fomuyo panali kalata ya dokotala wa oyendetsa ndege, ya mu Novembala. Pa ntchito yanga makalata otere ndimawerenga sabata iliyonse, sindinafunike wondimasulira. Dokotalayo anapeza kuti mtima wawo suli bwino. Anawalembera kuti asaulutse ndege ya mtundu uliwonse, ndipo apite kwa akatswiri a mtima mwamsanga. Panali kalata ina ya kuchipatala yosonyeza kuti anapitako kamodzi n'kuwajambula mtima, ndi ina yowakumbutsa kuti sanabwerenso pa tsiku limene anawapatsa. Yomaliza inali envulopu yosatsegula n'komwe.

Ndinakhala pabedi. Zonse zinalumikizana. Sikelo sinalamule kanthu. Gulu lolemera linkafuna pepala latsopano la dokotala, ndipo pepalalo anawakaniza. Pepala lawo lakale, la gulu lopepuka, linali lisanathe ntchito. Ankamasula ndege yawo kuti ikwane m'gulu limene palibe akanawafunsa za mtima, aiulutse mapepala akalewo asanathe. Miyezi itatu yathunthu ankadya nafe, kuseka nafe, kundiperekeza ku basi, akudziwa. Ine mlongo wawo, amene tsiku lililonse ndimakakamiza makolo a anthu ena kumwa mankhwala, ndinkawaona akupuma pakati pa masitepe n'kumavomera kuti ndi kunenepa.

Pansi anayamba kuitana kuti achibale abwere adzaone nkhope komaliza. Ndinapinda makalatawo n'kuwaika m'chikwama changa. Nditafika pabokosi ndinawaika magalasi m'thumba la jekete. Anthu ankayesa ndikuwapsompsona pamene ndinawerama. Ndinawauza m'khutu kuti, "Mwatinamiza, achimwene." Misozi sinatuluke. Mayi wina anandigwira paphewa n'kunena kuti ndilire ndisasunge m'mtima, ine ndinachotsa dzanja lake.

Galimoto ya maliro inanyamuka pang'onopang'ono, ife tikuyenda pambuyo pake mpaka kumapeto kwa msewu. Mvula inali itakula. Maambulera ankatembenuzika ndi mphepo. Anthu a m'nyumba zoyandikana anaima m'makomo mwawo, abambo atavula zipewa. Pamenepo ndi pamene amayi athu anatulutsa mawu onse, ndipo palibe anatiletsa. Alamu ankayenda atagwiridwa mbali zonse ziwiri. Tadala ankayenda yekha patsogolo pathu, manja m'matumba, osafuna ambulera.

Misa anachita ansembe a kwathu amene amatumikira pa parishi ina kuno. Anayankhula bwino, mwachidule. Kenako anaitana wapampando wa gulu lathu la Amalawi, mmodzi wa abambo ojambulana pa shedi aja. Anati malemu anali chitsanzo kwa tonse, munthu wa masomphenya. Anati imfa yawo yatidzidzimutsa chifukwa sanadwale ngakhale mutu, Mulungu wangowatenga ali bwinobwino. Tchalitchi chonse chinavomera. Ine ndinakumbatira chikwama changa pamiyendo, ndikudziluma lilime kuti ndisaimirire. Ndinkafuna kukuwa kuti musamunamizire Mulungu, Mulungu anatumiza dokotala, anatumiza makalata atatu, munthu n'kuwabisa m'fayilo ya ndege.

Titatuluka, anthu akukwera magalimoto, ndinawapeza a Brendan ataima pansi pa mtengo. Tinayankhula m'Chingerezi. Ndinawaonetsa kalata ya dokotala n'kuwafunsa ngati ankadziwa. Anaiwerenga mpaka pansi, madontho a mvula akugwera papepala, nkhope yawo n'kufiira.

"Sindinkadziwa," anatero. "Ine ndimayendera ndege, osati munthu. Ndikanadziwa, sindikanasaina chilichonse, ndipo makiyi a nyumba yosungira ndege ndikanamulanda."

"Simunadabwe munthu akumasula zinthu zimene anazivutikira zaka zonsezo?"

"Ndinadabwa. Anandiuza kuti watopa ndi mayeso, wakula. Anthu ambiri amasankha gulu lopepuka pa chifukwa chimenecho." Anandibwezera kalatayo. "Koma chimodzi chinandivuta. Atachotsa thanki, bokosi ndi hita, tinaikwezanso pa sikelo, ndipo inakwana. Mpando wachiwiri sunafunike kuchotsa. Ndinamuuza kuti ausiye, ndegeyi ndi ya anthu awiri. Iye anati ayi, m'ndege muno simukwera wina aliyense."

Ndikudziwa kuti a Brendan ananena zimenezi kuti anditonthoze. Ankafuna ndione kuti achimwene ankateteza mkazi ndi mwana wawo. Koma ine zinangondiwonjezera ukali. Ndiye kuti ankadziwa bwinobwino kuti akhoza kufera m'mwamba. Anawerengera zonse monga ankawerengera timisomali tawo, napeza kuti bola afe okha. Nanga pansipo? Kabwalo kaja kazunguliridwa ndi nyumba za anthu, misewu, sukulu. Nanga mkazi wotsala, nanga mwana? Kuchotsa mpando anakuona ngati chikondi, koma kupita kuchipatala kunawakanika.

Kumanda kunali mphepo yoluma. Manda a kuno amakumba ndi makina, ndipo dothi amalifunditsa kapeti wobiriwira kuti lisaoneke. Kagalimoto kokumbirako kanaima chapatali, woyendetsa wake ali m'kati akudikira kuti tichoke. Abambo a kampani ya maliro anatsitsa bokosi ndi malamba, mwaulemu koma mofulumira, chifukwa panali maliro ena pambuyo pathu. Anatipatsa kambale ka dothi kuti aliyense atapeko pang'ono. Abambo athu anapempha mafosholo. Atakambirana anatipatsa awiri okha, ndipo abambo athuwo ankalandizana, masuti ali matope okhaokha. Apo pokha ndinawakhululukira pang'ono abambo oseka achimwene aja, ngakhale a wapampando, amene anafosholera mpaka thukuta kusakanikirana ndi mvula.

Tikuika nkhata mvula inadukiza. Tinamva kulira kwa injini, kenako tindege tiwiri tinatulukira pansi pa mitambo, tikuuluka moyandikana. Anali anzawo a achimwene a ku kabwalo kaja, amene anadikira mpata m'mawa wonse. Tindegeto tinadutsa pamwamba pa manda, kamodzi n'kupendeketsa mapiko uku ndi uku. Anthu anakweza mafoni. Amayi ena analulutira, ena analira mokweza. Ine ndinayang'ana nsapato zanga mpaka phokosolo litatha. Tadala anabwera pafupi nane, nkhope ili m'mwamba, nanena m'Chingerezi kuti adadi ake anangotsala pang'ono, akanakhala ndi mwezi umodzi wokha bwenzi atauluka. Ndinamugwira dzanja.

Chakudya tinadyera mu holo ya parishi. Mpunga unapsa bwino ngakhale mphepo inavuta, nkhuku inakwanira aliyense, masangweji a oyandikana nawo anatha onse. Anthu atakhuta anayamba kucheza za mpira ndi za mapepala a ntchito, monga zimakhalira. Bambo wina amene sindimudziwa bwino anandikokera pambali, n'kuyamba ndi kupepesa, kenako n'kufunsa ngati banja laganizapo zochita ndi injini ya ndege ija, poti ali ndi mnzake amene angaifune. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinamuuza kuti matope a kumanda sanaume n'komwe pa nsapato zake, amalize kaye mpunga wa maliro ali m'manjawo. Anachoka osatsanzika.

Pofika 6 koloko anthu anali atabalalika. Ambiri anali ndi ntchito m'mawa mwake, ena ulendo wautali. Amayi a ku Tyrrelstown anatsuka mapoto, anyamata anabwezera sofa pabalaza, masitovu a gasi anapita kwa eni ake. Amayi awiri amene anati agona nafe anapita kukatenga zovala kwawo. Tadala anakwera m'chipinda chake n'kutseka chitseko. M'nyumba munatsala ine ndi alamu, titakhala patebulo la m'khitchini, tiyi akuzizira m'makapu.

Tsiku lonse ndinkalimbana ndi maganizo oti ndiwauze kapena ndidikire. Koma sindine munthu wotha kusunga chinthu chotere. Ndinatulutsa makalata aja n'kuwayala patebulo. Ndinayembekezera kuti akomoka. Iwo anangoyang'ana kalata ya dokotalayo osaigwira.

"Ndinaiona mu Disembala, alamu," anatero.

"Munaiona?"

"Ndinaipeza m'thumba la ovolosi ndikuchapa. Ndinalira, ndinagwada, ndinawaopseza kuti ndichoka. Anandilonjeza kuti ingouluka kamodzi kokha, kuzungulira bwalo n'kutera, mawa lake apita kuchipatala okha. Anati akapita tsopano awatsekera m'chipatala, laisensi awalanda, zaka seveni zipita pachabe."

"Ndiye inu n'kuvomera? Osandiuza ine?"

"Anandilumbiritsa. Anati Felesiya akamva, akanena kwa a Brendan tsiku lomwelo."

"Ndikanakanenadi! Ndikanapita ndi basi yoyamba! Bwenzi lero akundida, osandiyankhula, koma ali moyo pampando apo!"

Ndinamenya tebulo, kapu n'kugubuduka. Alamu sanadziteteze. Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta tiyi, pang'onopang'ono, misozi ikugwera pomwe akupukutapo. Anati zaka 24 akhala ndi munthuyo, sanamuonepo akufuna chinthu ngati mmene ankafunira ndegeyo, ndipo anaopa kukhala iwo womulanda. Anati tsiku lililonse kuyambira mu Disembala ankati mawa ndimuuza Felesiya. Ndinkafuna kuwakalipira mpaka mawu atandithera, koma amene ndinkafunadi kumukalipira tinali titamusiya pansi pa dothi.

Patebulo panatsala envulopu yosatsegula ija. Alamu anati imeneyo sanaionepo. Ndinaing'amba ndi chala. Inali yochokera kwa akatswiri a mtima, atawerenga zimene anajambula. Analemba kuti minofu ya mtima wa achimwene inali yokhuthala mopitirira, ndipo matendawa amayenda m'magazi a pabanja. Anapempha kuti ana awo ndi abale awo a bere limodzi akayezedwe msanga, ngakhale akudzimva kuti ali bwino.

Ndinawerenga kawiri, kenako ndinawamasulira alamu mawu ndi mawu. Ndinakumbukira bambo athu, amene anagwa m'munda akupalira asanakwanitse zaka 50, mudzi wonse n'kumati awalodza. Kalatayo inakhala m'fayilo ya ndege kuyambira Khirisimasi isanafike. Tadala amathamanga mtunda wautali m'mawa uliwonse.

Alamu anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Ndinaimirira ndi kalatayo.

"Osati lero, alamu," anatero. "Mwanayu waika bambo ake lero. Tidikireko mawa."

"Mawa munalinena mokwanira," ndinatero.

M'nyumba munali zii, kupatula filiji ndi madzi a mvula otsika m'paipi kunja. Pabalaza pankanunkhirabe makandulo. Ndinakwera masitepe, ndipo ndili pakati ndinamva mpando ukukokedwa m'khitchini, kenako mapazi a alamu akunditsatira. Pansi pa chitseko cha Tadala pankatuluka kuwala. Ndinadikira mpaka amake atafika pambali panga, ndipo ndinagogoda.